Chikuta cha Amayi Agnesi

Kwathu kuno ku Makhuwira, mukafunsa munthu wa ku sikimu ya mpunga kuti Agnesi Ignasio ndani, sayamba n'kukuuzani za upampando wake wa komiti, ngakhale anakhala pampandopo kuyambira ine ndili ku pulayimale. Amayamba ndi nkhani ya kubadwa kwanga. Amati mayi ameneyu anabereka m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali kale m'matope akuwokera mpunga, khanda lili pa mgula kunsi kwa ambulera. Khandalo ndine, Estere, mwana wawo mmodzi yekhayo. Ena amawonjeza kuti anamaliza puloti yonse tsiku lomwelo. Ena, makamaka akalawako kachasu, amati ziwiri. Nkhaniyi yakula limodzi ndi ine, ndipo inandipitirira msinkhu kalekale.

Ndinkaimva ku chigayo, ku tchalitchi, ngakhale pamaliro. Alendo a mabungwe akabwera kudzaona sikimu, a Paison, mlembi wa komiti, ankaiyamba alendowo asanatsike n'komwe bwino m'galimoto. Amayi ankangokonza duku lawo n'kuyang'ana kumbali, osavomera komanso osakana. Pamisonkhano sankakhalitsa pampando, ankakonda kuimirira, m'chiuno atamanga zitenje ziwiri zolimba ngakhale mu Okutobala, pamene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Anthu ankati ndi changu. Ine ndinkatupa ndi kunyada, ndipo ndinkadziwa kuti chimene amayi adzandisiyire si nyumba ya malata kapena mbuzi, koma dzina la mkazi wosagwa.

Nditakwatiwa ndi Limbani, yemwe amayendetsa thirakitala ku minda ya nzimbe ku Nchalo ndipo amabwera kumathero a mwezi, amayi anandipezera puloti yangayanga pafupi ndi yawo. Ku sikimu kuli lamulo lakuti puloti imene sinawokeredwe pofika tsiku limene komiti yaika imatsekeredwa madzi chaka chimenecho, madziwo n'kupita kwa ena. Lamuloli analimbikitsa ndi amayi, ndipo sankaliyang'anira nkhope. Anatsekerapo madzi mlamu wawo weniweni, mpaka anasiya kulonjerana chaka chathunthu.

Mwana wanga woyamba sanafunse komiti. Anabwera mbande zanga zitangofika powokera, tsiku lotsekera madzi lili pafupi. Ndinachirira ku chipatala chathu chaching'ono, ndipo ndinataya magazi ambiri. Anamwino anandipatsa mankhwala owonjezera magazi, nandiuza kuti ndikagone, ndisanyamule ngakhale ndowa yopanda madzi. Ndinavomera ndi mutu monga timachitira tonse kuchipatala, mtima uli ku nazale.

Kunyumba kwa amayi ndinapeza amayi aakulu, a Maness, atasesa kale chipinda n'kuyala mphasa. Iwowa ndi mkulu wawo wa amayi, anawoloka limodzi kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo pa za mwambo sagona tulo. Anandilowetsa m'chikuta. Mpaka mchombo wa mwana utagwa, ine ndi khanda sitituluka, mwamuna salowa, ndipo ntchito yanga ndi kuyamwitsa, kumwa phala ndi kugona basi.

Munthu wina akanathokoza. Ine ndinkagona chagada n'kumamvetsera mapazi a anthu opita ku munda. Azimayi akamadutsa kuseri kwa mpanda ankafuula moni wawo.

"Mwachira bwanji kumeneko? Make mbuu, mwana mbuu. Tionana m'matope mawa, eti?"

Ankaseka n'kumapita. Kwa iwo chinali chipongwe cha m'mawa chabe, koma ine ndinkachimeza chonse. Amayi ankachoka mbandakucha kukagawa madzi, n'kubwera madzulo miyendo ili mbuu. Ankanyamula mdzukulu wawo, kumununkhiza pamutu, kenako n'kunena akuyang'ana pakhomo kuti, "Mbande zako zija zikukula." Mwina ankangonena monga munthu anenera kuti kunja kukutentha. Ine ndinkamva ngati akundifunsa kuti kodi ndine mwana wa yani.

M'mawa wina a Maness atapita ku mjigo, ndinadzuka. Ndinamanga chitenje m'chiuno molimba monga amachitira amayi, ndinakulunga mwana, ndinatenga ambulera. Ndinaganiza kuti ngati ndichita, ndichite ndendende, ambulera ndi zonse. M'njira ndinkaima pafupipafupi kuti ndipume, koma mayi wina wogulitsa zitumbuwa atandiona analuluta, ndipo nthungululu imeneyo inandikankha mpaka ku sikimu.

Ndinagoneka mwana pa mgula, ndinamuphimba ndi ambulera, ndinazula mbande ndi kulowa m'madzi. Matope anali ofunda. Ndinawerama n'kuyamba kuwokera, ndipo a m'mapuloti oyandikana anaimirira kundiyang'ana. Ndikukumbukira kuti ndinasangalala. Sindinapite patali. Ndinamva chinthu chotentha chikutsika m'miyendo, ndipo nditayang'ana pansi madzi ondizungulira anali atasintha mtundu. Ndinafuna kuitana munthu, koma mawu sanatuluke. Ndinangoona mapiri a ku Thyolo akupendekeka.

Nditatsegula maso ndinali pa ngolo ya ng'ombe, mutu wanga uli pamiyendo ya amayi, mwana ali kumsana kwawo. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa nkhope imene anali nayo ndinali ndisanaionepo. Ankangouza woyendetsa ngoloyo kuti afulumire, kenako n'kumuuzanso kuti ayende pang'onopang'ono pa mabampu.

Kukalipa ndinakakupeza kuchipatala. Anamwino anandiika diripi, ndipo m'mene madziwo ankadontha nawonso mawu awo ankadontha. Anati ndikanachedwa pang'ono, mwanayu akanakula akuloza manda. Amayi anaima pakona, manja kumbuyo, ngati ndi iwo amene akudzudzulidwa.

Titabwerera kunyumba, a Maness anali atakwiya mpaka kulephera kudya.

"Chikuta chanji chatsala apa?" anatero. "Mwana wamuona aliyense, ndi ng'ombe zomwe. Ine basa langa latha, ndikupita kwathu."

"Khalani pansi, achemwali," anayankha amayi. "Chikuta si cha mwana yekha ayi. Tiyambiranso."

Anatenga mphasa n'kuiyala pakhomo pa chipinda changa, iwo n'kukhala pomwepo miyendo tambalale. M'mawa mwake sanapite kukagawa madzi. Kiyi wa pageti ya ngalande anatumiza kwa a Paison. Ine ndinkaganiza kuti ndi zatsiku limodzi, koma tsiku lotsatira anali pomwepo, akusenda nandolo.

Madzi ondithowera ankawiritsa okha. Tsiku lina masana, atandithowa msana ndi m'mimba, anaika nsalu yothowera pansi. Kenako anatseka chitseko, namasula chitenje choyamba, namasulanso chachiwiri. Pansi pake panali nsanza yopindidwa, yomangidwa ndi chingwe cha nsalu.

"Yang'ana kuno, usachite manyazi. Wakula tsopano."

Sindifotokoza zimene ndinaona. Chiberekero chawo chinatsika, ndipo zaka zonsezi ankachigwiriziza ndi nsalu. Ndicho chifukwa sankakhalitsa pampando. Ndicho chifukwa ankachedwa kubafa, ife n'kumati ndi ukhondo.

"Nkhani ija amaikonda a Paison," anatero akumanganso zitenje zawo, "silinali tsiku lomwelo ayi. Panali patapita masiku, ngati iwemu. Bambo ako anali atawoloka kukaona ngati minda ya kwathu ilipo nkhondo itatha, ndipo anachedwa. Ife tinali obwera. Komiti inali ya amuna okhaokha, ndipo anandiuza kuti ndikapanda kuwokera, puloti apatsa mwana wa m'mudzi. Sindinapite chifukwa cha mphamvu, mwanawe. Ndinapita ndikulira. Ndinawokera pang'ono, n'kubwerera chokwawa. Anandibereka kumsana ndi amayi ako aakuluwa. Oimba nkhaniyi anandiona popita, pobwera nkhabe, sanandione."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanapitire kuchipatala.

"Ndinapita kamodzi. Anati ndikagonekedwe ku boma, andichite opaleshoni, kenako ndikhale miyezi osagwira khasu. Ndinaona kuti miyeziyo ndilibe. Chaka chilichonse ndinkati tikakolola." Anandiyang'ana. "Sunadzifunsepo chifukwa chake uli wekha? Ine ndinkafuna ana odzaza mphasa iyi."

Ndinali ndisanadzifunsepo. Ndinkangoti amayi anali otanganidwa.

"Nanga bwanji simunawatsutse anthu?"

"Chifukwa nkhaniyo inkandigwirira ntchito. Amuna aja anayamba kundiopa. Inandikhazika pampando, ndipo ndili pampandopo azimayi ambiri analandira mapuloti m'maina awo. Ndinkati bodza lake ndi laling'ono, silipweteka munthu. Ndiye ndinakuona uli gone m'matope, ambulera ili apo. Ngakhale ambulera, Estere."

Apa anaseka pang'ono, ine ndinasekanso, kenako tonse tinalira mpaka mwana anadzuka n'kutithandiza.

A Paison anabwera m'mawa wotsatira, malaya atapisira. Poti mwamuna salowa m'chikuta, anaima kumpanda n'kumalankhula mokweza ngati akuitana bwato. Anati kukubwera alendo ochokera ku Blantyre, akufuna kupereka ulemu kwa amayi ngati mkazi wachitsanzo, ndipo asungwana a ku sekondale adzakhalapo kuti amve mbiri yawo. Anatinso tsiku lotsekera madzi lakwana, komiti ikudikira wapampando.

"Alendowo muwalandire ndinu," anayankha amayi osadzuka pamphasa. "Ine ndili m'chikuta."

"Mayi, chikuta ndi cha Estere."

"Ndiye ndikulondera. Ndipo inu a Paison, nkhani yanu ija mukafuna kuinenanso, muzifika nayo kumapeto. Muzinena kuti anabwerera chokwawa, ndipo sanaberekenso. Mukaona kuti mapetowo sakukoma pamaso pa alendo, isiyeni yonse."

A Paison anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, n'kuchivalanso. Alendo anabwera, anadya mpunga ndi nkhuku, anajambula ngalande, n'kubwerera ndi chimene anabwera nacho. Amayi sanafunse n'komwe kuti chinali chiyani.

Koma za madzi sizikanadikira, choncho komiti inabwera yokha kudzakhala pansi pa mtengo wa nimu pabwalo pathu, ndipo anthu ena anatsatira. Ine ndinkamvetsera pazenera. Amayi analankhula ali pamphasa pawo. Anati lamulo lija lili ndi chilema: mkazi amene ali m'chikuta, kapena amene achipatala amuuza kuti agone, asamatsekeredwe madzi, koma a m'buloko mwake azimuwokerera, iye adzabweza dzanja akachira. Anthu anang'ung'udza movomereza, ndipo ine mtima unakhala pansi. Ndinati puloti yanga yapulumuka.

Kenako anaimirira a Priska, mayi wamfupi wa ku buloko ya kumunsi, amene salankhulalankhula pamisonkhano.

"Pepani a pampando, ndifunse nawo. Chaka chija ndinabereka mapasa, ndinatuma mwamuna wanga kudzapempha kuti mutidikire. Munati ninji? Munati inu munawokera tsiku lobereka. Madzi munatseka, ndipo chaka chimenecho ana anga anadya nyika. Lero poti wagwa ndi wanu, lamulo laona chilema?"

Nyika ndi timizu ta m'madambo timene timadya njala ikafika posauzana, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa kuwawa kwake. Ine pazenera ndinapsa mtima. Ndinkafuna amayi amuyankhe mayi ameneyu monga ankayankhira amuna a makani, mpaka akhale pansi yekha.

"Mwanena zoona, a Priska," anatero amayi. "Ndinatero, ndipo pepani sapoletsa chilonda. Ndiye tichite chonchi. Puloti ya Estere itsekeredwe madzi lero, monga lamulo likunenera. Latsopanoli liyambire pa mwana wa wina, kuti pasadzapezeke wonena kuti Agnesi anapinda lamulo chifukwa cha magazi ake. Mbande zake zikadali zabwino, mukazule ndinu a Priska, muli ndi malo otsala kumunsi kuja. Ndipo tikakolola musankhe wapampando wina. Ine ndili ndi ulendo wa kuchipatala umene ndakhala ndikuuzengereza."

Ndinakhala pansi pamphasa mwana ali m'manja. Ndinakhetsera magazi puloti imeneyo, ndipo amayi anga omwe anaipereka pamaso pa anthu osandifunsa. Madzulo ake sindinawalankhule. Anabweretsa phala, ndinatembenukira kukhoma. Iwo analiika pambali panga n'kunena kuti, "Ukwiye uli moyo, pyadidi, zili bwino," n'kubwerera pakhomo pawo. Phalalo ndinamwa atatuluka, poti mkwiyo wa mayi woyamwitsa sufika m'mimba.

Mchombo unagwa, koma amayi anawonjezera masiku mpaka anamwino atanena kuti magazi abwerera. A Maness anameta mwana, anatitulutsa pabwalo, ndipo Limbani, amene anabwera ndi nkhope yoti sanagone bwino chimvereni nkhaniyi, anamutcha Chisangalalo. Za mpunga sanafunse. Anangondigwira pamkono nthawi yaitali ngati akuyesa ngati ndilipodi.

Chaka chimenecho puloti yanga inamera udzu. Ndinkaidutsa ndi mwana kumsana, poyamba ndikuyang'ana kumbali, kenako ndinazolowera. Palibe amene anandiseka, kapena ngati ankaseka ankadikira ndidutse. Tinadya mpunga wa amayi, ndipo a Priska atakolola anatumiza thumba pa njinga popanda mawu alionse. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ndinakhala nyengo yathunthu osatchedwa wolimba, ndipo sindinafe nazo. Ndinanenepa. Ndinaona tsiku limene Chisangalalo anayamba kuseka, ndili naye pakhonde, manja anga opanda matope.

Woyamba kupindula ndi lamulo latsopano anali Lily, mtsikana wa m'buloko mwathu amene anachira mwa opaleshoni nyengo yotsatira. Tinalowa m'puloti yake azimayi a buloko yonse, ine ndili pakati, ndipo tinamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Apongozi ake anayamba kunena kuti masiku ano atsikana ndi ofewa, kale a Agnesi, koma sanamalize. Anawadula ndi a Paison, amene tsopano nkhaniyo amainena yonse mpaka kumapeto, ndipo mwachizolowezi chawo ayamba kuwonjezera mtunda umene amayi anakwawa.

Pa chisankho chija, chimene chinachitika titangokolola, anthu ena ankayembekeza kuti amayi andikankhira ine mu komiti kuti dzina lisachoke pabanja. Sanatero, ndipo ine sindinaimike dzanja. Mwina tsiku lina ndidzafuna, Chisangalalo akadzayamba sukulu. Anasankhidwa a Priska. Amayi anawapatsa kiyi wa pageti, nawauza kuti geti yachiwiri imafuna kuikankha ndi bondo.

Kenako tinakwera nawo minibasi kupita ku chipatala cha ku boma. Mayi amene ankaimitsa amuna okwiya ndi diso lokha anandigwira chitenje pakhomo pa wodi ngati mwana wa sitandade wani. Opaleshoni inayenda bwino. Adokotala anati miyezi ingapo asagwire khasu, asasenze kanthu, asapite ku munda ngakhale kukangoona. Amayi anavomera ndi mutu. Kuvomera kumeneko ndinkakudziwa bwino, choncho titafika kunyumba ndinawalowetsa m'chipinda, ndinatenga mphasa n'kuiyala pakhomo.

"Ukuchita ninji?" anafunsa.

"Ndikusenda nandolo."

Masiku oyamba anavuta kuposa khanda. Ankamva phokoso la njinga n'kufunsa kuti ndani, akufuna chiyani. Ankati phala lachepa mchere, kenako lachuluka. Anthu nawo sanasiye chizolowezi: ankabwera ndi madandaulo a madzi, a malire, a ng'ombe zolowa m'mapuloti. Ndinkawalandira kumpanda, kuwafunsa za kunyumba, n'kuwalozera njira ya kwa a Priska. Ena ankachoka akung'ung'udza kuti mwana wa Agnesi ndi wovuta kuposa make. Mawu amenewo ndinkawalandira ndi manja awiri.

Ndimathokoza Mulungu kuti amayi ndili nawo, ndipo ndimawathokoza iwo chifukwa cha puloti ija anaipereka. Sindinawauzepo bwinobwino, poti kwathu mawu otere amatuluka movuta. Tsiku lina ndikuwathowa mapazi ndinangothokoza m'chiyankhulo cha kwathu kuti, "Takhuta, mama." Anandifunsa kuti pa chiyani. Ndinati pa zonse. Anati madzi azizira, ndikawonjezere otentha.

Masana ena kunatentha kwambiri, mbuzi zonse zitabisala kunsi kwa nkhokwe. Chisangalalo anali atagona kumsana kwanga. Ndinazindikira kuti papita nthawi osamva amayi akuitana kapena kudandaula, ndipo ndinakankha chitseko pang'onopang'ono. Anali gone chammbali, duku litagwera pansi, dzanja limodzi lili lende kunja kwa bedi, pakamwa patatseguka pang'ono. Mtima wanga unaima. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo amayi atatseka maso dzuwa lili kunja, ndipo chimene chinandibwerera m'mutu ndi chimodzi chokha. Ndinayandikira n'kuika chala pafupi ndi mphuno yawo.

Mpweya wofunda unandikhudza. Kenako anakoka mkonono umodzi wautali, wa munthu amene alibe kopita.

Ndinatola duku lija n'kulipinda. Kunja wina anali akugogoda pampanda, akuitana dzina lawo. Ndinatuluka chonyang'ama, ndinatseka chitseko, n'kupita kukamuuza kuti atsitse mawu, amayi akugona.